Mmene mungagwiritsire ntchito namespace ndi `use` mu Laravel osasochera

Uthenga woti `Class "App\Http\Controllers\Membala" not found` umapweteka mutu chifukwa fayilo ya `Membala.php` imakhala ilipo ndithu, mukuiona ndi maso anu mu foda ya `app/Models`. Ambiri zikafika apa amathamangira kulemba `composer dump-autoload`, kenako `php artisan cache:clear`, mwinanso kuzimitsa kompyuta n'kuyatsanso. Palibe chimasintha. Chonsecho yankho lili mu uthenga womwewo. PHP yapita kukafuna `Membala` mu `App\Http\Controllers`, pomwe iye amakhala mu `App\Models`. Sinasochere yokha, kungoti palibe anaiuza kolowera.

Malangizo awa ndi a Laravel 8, yomwe inatuluka mu September 2020, ndi zonse zobwera pambuyo pake. Chitsanzo chathu ndi kapulogalamu kosungira zolemba za banki mkhonde: mamembala, ngongole zawo ndi chiwongoladzanja.

Gawo 1: Dziwani dzina lonse la class yanu

Kaundula wa sukulu akakhala ndi a Chisomo Banda atatu, mphunzitsi amawonjezera mudzi womwe aliyense amachokera kuti asasokoneze malikisi. Namespace imagwira ntchito yomweyo. Mu pulojekiti imodzi ya Laravel muli ma class angapo otchedwa `Request`: pali `Illuminate\Http\Request`, pali `Illuminate\Support\Facades\Request`, pali `Illuminate\Http\Client\Request`, ndiponso `Symfony\Component\HttpFoundation\Request` yomwe ndi kholo la yoyambayo. Onsewa amakhala mwamtendere chifukwa mayina awo onse ndi osiyana.

PHP inayamba kukhala ndi ma namespace mu 2009, pa PHP 5.3. Zisanatero anthu ankalumikiza mawu ndi timizere tapansi, n'chifukwa chake mu Zend Framework yoyamba munali mayina ataliatali ngati `Zend_Db_Table_Abstract`.

Tsegulani model yanu muone mizere yoyambirira:

```php
<?php

namespace App\Models;

use Illuminate\Database\Eloquent\Model;

class Membala extends Model
{
    protected $table = 'mamembala';
}
```

Dzina lenileni la class iyi si `Membala` ayi, koma `App\Models\Membala`. (Mzere wa `$table` uli apo chifukwa Laravel imachulukitsa mayina mwachingerezi, mukapanda kuiuza ikafunafuna tebulo lotchedwa `membalas`.)

Mzere wa `namespace` uyenera kukhala lamulo loyamba m'fayilo. Chololedwa pamwamba pake ndi ndemanga ndi mizere ya `declare`, monga `declare(strict_types=1);`, basi. Mukasiya ngakhale kampata kamodzi kapena mzere wopanda kanthu patsogolo pa `<?php`, mulandira uthenga woyamba ndi mawu oti `Namespace declaration statement has to be the very first statement`. Ngati mukuyang'ana koma simukuona kampata kalikonse, ndiye kuti fayilo inasungidwa ndi tizilembo tosaoneka totchedwa BOM. Isungeninso ngati UTF-8 yopanda BOM.

Gawo 2: Onani mapu mu `composer.json`

PHP payokha sidziwa kuti `App\Models\Membala` ali m'fayilo iti. Amene amadziwa ndi Composer, chida choyang'anira maphukusi a PHP. Fayilo ya `public/index.php` imatsegula `vendor/autoload.php`, ndipo kuchokera pamenepo, PHP ikakumana ndi class yomwe sinaionepo imafunsa Composer. Composer nayo imayang'ana mapu awa:

```json
"autoload": {
    "psr-4": {
        "App\\": "app/",
        "Database\\Factories\\": "database/factories/",
        "Database\\Seeders\\": "database/seeders/"
    }
}
```

PSR-4 ndi mgwirizano womwe gulu la PHP-FIG linavomereza mu 2013. Lamulo lake ndi lalifupi: chotsani mawu oyambirira omwe ali kumanzere, ikani foda yomwe ili kumanja, kamzere kalikonse ka `\` kasanduke `/`, ndipo kumapeto muike `.php`. Choncho `App\Models\Membala` akhala `app/Models/Membala.php`, ndipo `App\Http\Controllers\Admin\LipotiController` akhala `app/Http/Controllers/Admin/LipotiController.php`.

Apa pali zinthu zitatu zofunika kugwirizana nthawi zonse: foda yomwe fayilo ili, mzere wa `namespace`, ndi dzina la fayilo lomwe liyenera kufanana ndendende ndi dzina la class. Chimodzi chikapatuka, class siipezeka. Ndipo fayilo imodzi ikhale ndi class imodzi. Mukabisa class yachiwiri pansi pa yoyamba, njira ya PSR-4 singaipeze chifukwa palibe fayilo ya dzina lake.

Gawo 3: Musapange mafayilo pamanja

```
php artisan make:model Ngongole
php artisan make:controller NgongoleController
php artisan make:controller Admin/LipotiController
```

Artisan imapanga foda, kulemba namespace yoyenera, ndi kuika mizere ya `use` yofunika. Kukopera fayilo yakale n'kuisintha dzina kumaoneka kwachangu, koma ndi kumene kumachokera mavuto ambiri: dzina la fayilo mwasintha, dzina la class mkatimo mwaiwala.

Gawo 4: Mvetsani zomwe `use` imachita, ndi zomwe siichita

Apa ndi pomwe pagona nkhani yonse, ndiye tichedwepo pang'ono.

```php
<?php

namespace App\Http\Controllers;

class MembalaController extends Controller
{
    public function index()
    {
        return Membala::all();
    }
}
```

PHP ikafika pa `Membala::all()` imadzifunsa mafunso awiri motsatana. Kodi pamwamba pa fayilo pali mzere wa `use` wothera ndi `Membala`? Ngati palibe, imatenga namespace ya fayilo yomwe ilimo n'kuiphatikiza kutsogolo. Ndi mmene likubadwira dzina lachilendo lija la `App\Http\Controllers\Membala`. N'chifukwa chakenso `Controller` ikugwira ntchito popanda `use`: imakhala mu namespace yomweyo, choncho kuphatikizako kukupereka dzina lolondola.

Kukonza kwake ndi mzere umodzi, pansi pa `namespace` koma pamwamba pa `class`:

```php
use App\Models\Membala;
```

Ena amaganiza zolemba dzina lonse pomwepo, motere: `App\Models\Membala::all()`. Uthenga womwe amalandira ndi woseketsa: `Class "App\Http\Controllers\App\Models\Membala" not found`. PHP yachitanso zomwe zija, yaphatikiza namespace ya fayilo kutsogolo. Kuti isatero, yambani ndi kamzere: `\App\Models\Membala::all()`. Kamzere koyambirirako kamatanthauza kuti yambira pa tsinde penipeni. M'mizere ya `use` sikafunika, chifukwa pamenepo PHP imatenga dzina lililonse ngati lathunthu kale.

Njira zonse ziwiri ndi zololedwa, koma ine ndimati lembani `use` pamwamba. Munthu akatsegula fayilo amaona nthawi yomweyo kuti class iyi imadalira ziti, ndipo tsiku lodzasamutsa `Membala` mudzasintha mzere umodzi m'malo mosakasaka m'fayilo monse.

Tsono chenjerani ndi maganizo oti `use` imatsegula fayilo ngati `require`. Siitero. Imangouza PHP kuti m'fayilo muno ndikati `Membala` ndikunena `App\Models\Membala`. Fayilo imatsegulidwa pokhapokha class ikafunikadi. Zotsatira zake ndi ziwiri. Choyamba, mizere ya `use` yomwe simukuigwiritsa ntchito sichedwetsa pulogalamu, imangodetsa fayilo. Chachiwiri, ndipo ichi n'choopsa, mukalakwitsa kalembedwe, mwachitsanzo `use App\Model\Membala;` popanda `s`, PHP sidandaula kanthu mpaka munthu atatsegula tsamba lomwe likuitana class imeneyo. Tsambalo likhoza kukhala lomwe msungichuma amatsegula kumapeto kwa mwezi kokha.

`use` imagwira m'fayilo yomwe yalembedwa basi. Mukailemba mu `Controller.php`, ana ake satengera. Fayilo iliyonse imadzilembera yokha.

Mawu omwewa alinso ndi ntchito zina ziwiri mu PHP, ndipo amasokoneza ongoyamba kumene:

```php
namespace App\Models;

use Illuminate\Database\Eloquent\Factories\HasFactory;
use Illuminate\Database\Eloquent\Model;
use Illuminate\Database\Eloquent\SoftDeletes;

class Ngongole extends Model
{
    use HasFactory, SoftDeletes;
}
```

`use` ya kunja kwa class ikufupikitsa dzina. Ya mkati ikulowetsa trait, kutanthauza kuti ma method a trait akukhala a class yanu. Zimafunika zonse ziwiri. Mukalemba ya mkati yokha mulandira `Trait "App\Models\SoftDeletes" not found`. Mukalemba ya kunja yokha palibe uthenga uliwonse, koma ngongole yomwe mumaganiza kuti yangobisidwa yafufutidwiratu mu database. Yachitatu ndi ija ya `function () use ($membala)`, yomwe imalowetsa variable mu closure ndipo ilibe chibale ndi ma namespace.

Gawo 5: Ma class a PHP yeniyeni nawonso amafuna kuitanidwa

`Exception`, `DateTime`, `stdClass` ndi `PDO` alibe namespace, amakhala pa tsinde. Mukalemba `new DateTime()` mkati mwa controller, PHP ikafuna `App\Http\Controllers\DateTime` ndipo siipeza. Lembani `new \DateTime()` kapena ikani `use DateTime;` pamwamba.

Ma function ndi osiyana. `strlen()`, `count()` ndi `now()` amagwira popanda kamzere, chifukwa PHP ikasowa function mu namespace yanu imabwerera pa tsinde kukaifuna. Kwa ma class siibwerera.

Vuto la `DateTime` limadzionetsa lokha, silivuta. Lovuta ndi ili:

```php
try {
    $ngongole->lipira($ndalama);
} catch (Exception $e) {
    return back()->with('vuto', 'Malipiro sanatheke');
}
```

Popanda `use Exception;` khodi iyi ikudikira `App\Http\Controllers\Exception`, class yomwe kulibe. PHP sifufuza ngati class yotchulidwa mu `catch` ilipodi. Imangoyerekeza mayina, n'kuona kuti sakufanana, n'kulola vutolo kudutsa. Membala amaona tsamba la vuto la 500, inu mukuyang'ana khodi n'kumadabwa kuti nanga `catch` ija ikutani. `instanceof` imachitanso chimodzimodzi: dzina likalakwika imangoyankha `false` mwakachetechete. Zolowerani kulemba `catch (\Exception $e)` kapena `catch (\Throwable $e)`, ndipo mukaona `catch` yopanda kamzere m'khodi ya mnzanu, kwezani maso pamwamba pa fayilo muone ngati `use` yake ilipo.

Gawo 6: Mayina akawombana

Tinene kuti muli ndi model yotchedwa `Notification` yosungira mauthenga okumbutsa mamembala za tsiku lobweza, ndipo m'fayilo yomweyo mukufunanso facade ya Laravel (class yoitanira ntchito za Laravel ndi `::`) ya dzina lomwelo. Mizere iwiri ya `use` yothera ndi dzina limodzi imabweretsa uthenga wothera ndi `because the name is already in use`. Patsani imodzi dzina lina:

```php
use App\Models\Notification as Chikumbutso;
use Illuminate\Support\Facades\Notification;
```

Dzina latsopanoli limagwira m'fayilo muno mokha. Class yeniyeniyo sinasinthe.

Kuwombana komwe mudzakumane nako kawirikawiri ndi kwa `Request`, ndipo nthawi zambiri wolakwa amakhala editor. Mukulemba mofulumira, editor yakupatsani mndandanda wa ma `Request` anayi kapena asanu, mwadina woyamba osawerenga. Ngati method yanu ili motere:

```php
public function store(Request $request)
{
    $request->validate(['dzina' => 'required']);
}
```

mukufunika `Illuminate\Http\Request`. Mukaika facade mulandira `Call to undefined method Illuminate\Support\Facades\Request::validate()`. Mukatembenuza, kuika `Illuminate\Http\Request` n'kulemba `Request::input('dzina')`, uthenga unena kuti method imeneyo `cannot be called statically`. Kusiyanitsa kwake n'kosavuta: `$request->` imayenda ndi `Http\Request`, pamene `Request::` imayenda ndi facade.

Za ma facade ena monga `DB`, `Auth`, `Log` ndi `Hash`, mudzaona anthu ena akulemba `use DB;` kapena `\DB::table(...)`. Zimagwira, chifukwa Laravel imalembetsa mayina afupiwa pa tsinde. Komabe `use Illuminate\Support\Facades\DB;` ndi yabwino kuposa, poti editor yanu imatha kuitsatira mpaka ku fayilo yeniyeni n'kukuonetsani ma method ake.

Gawo 7: Ma route, ma string ndi `::class`

Maphunziro ambiri a pa intaneti analembedwa Laravel 8 isanatuluke, ndipo amaonetsa izi:

```php
Route::get('/mamembala', 'MembalaController@index');
```

Mpaka Laravel 7, `RouteServiceProvider` inkawonjezera yokha `App\Http\Controllers` kutsogolo kwa dzinalo. Kuyambira Laravel 8, pulojekiti yatsopano siichitanso zimenezo, ndipo khodi ya pamwambayi imabala `Target class [MembalaController] does not exist`. Onani kuti mu uthengawu dzina lili lokhalokha, lopanda namespace. Chimenecho ndi chizindikiro choti Laravel yapatsidwa dzina losakwanira. Lembani motere mu `routes/web.php`:

```php
use App\Http\Controllers\MembalaController;
use Illuminate\Support\Facades\Route;

Route::get('/mamembala', [MembalaController::class, 'index']);
```

`::class` inabwera ndi PHP 5.5. Imasandutsa dzina lalifupi kukhala string ya dzina lonse, motsatira mizere ya `use` ya fayiloyo. Koma nayonso sifufuza ngati class ilipo. Mukaiwala mzere wa `use`, `MembalaController::class` ingopereka `'MembalaController'`, popeza `web.php` ilibe namespace, ndipo uthenga uja ubweranso ngakhale mwalemba mwanjira yatsopano.

Chifukwa chomwe `::class` ili yofunika n'chakuti dzina likakhala mkati mwa string, `use` sililikhudza. Mukalemba `$dzina = 'Membala'; new $dzina();` PHP ikafuna `Membala` pa tsinde, ngakhale `use App\Models\Membala;` ili pamwamba. Pa maubale a Eloquent, omwe amalumikiza model ina ndi inzake, chitani chonchi:

```php
public function ngongole()
{
    return $this->hasMany(Ngongole::class);
}
```

Apa `use` sikufunika chifukwa `Membala` ndi `Ngongole` onse ali mu `App\Models`.

Mafayilo a Blade, momwe mumalembedwa maonekedwe a tsamba, alibe namespace, ndipo satengera `use` ya controller yomwe yawaitana. Mkati mwake lembani dzina lonse, `\App\Models\Membala::count()`, kapena mu Laravel 11 ndi zotsatira zake ikani `@use('App\Models\Membala')` pamwamba. Kunena zoona, mukapezeka mukuitana model mu Blade kawirikawiri, ndiye kuti ntchito ya controller mukuigwirira malo olakwika. Werengerani mu controller, Blade ingolandira zotsatira.

Gawo 8: Kusamutsa class kupita mu foda ina

Pulojekiti ikakula mudzafuna kulekanitsa ma controller a akuluakulu a gulu ndi a mamembala wamba. Tinene kuti mukusamutsa `NgongoleController` kupita mu foda ya `Admin`.

Samutsani fayilo. Sinthani mzere wa pamwamba ukhale `namespace App\Http\Controllers\Admin;`. Kenako onjezerani `use App\Http\Controllers\Controller;`, chifukwa `Controller` tsopano si mnansi wa fayiloyi; mukaiwala muona `Class "App\Http\Controllers\Admin\Controller" not found`. Lamulo lomweli likukhudza class ina iliyonse yomwe inkapezeka popanda `use` chifukwa chokhala foda imodzi. Pomaliza sakani dzina lakale m'pulojekiti monse:

```
grep -rn "NgongoleController" app routes config resources tests database
```

Editor ya PhpStorm imatha kuchita zambiri mwa izi yokha mukagwiritsa ntchito Refactor kenako Move. Ngakhale zili choncho sakanibe, chifukwa mayina ena amabisala m'ma string.

Kusamutsa controller n'kopepuka. Kusamutsa model kumafuna mtima wodekha, chifukwa dzina lonse la model limalembedwanso m'malo omwe si khodi.

Malo oyamba ndi `config/auth.php`, momwe Laravel imauzidwa class ya ogwiritsa ntchito. Amene akukweza pulojekiti yakale n'kusamutsa `App\User` kupita ku `App\Models\User` akaiwala pamenepa, palibe amene angalowe mu pulogalamu. Ndipo ngati munayendetsapo `php artisan config:cache`, kusinthako sikuoneka mpaka mutayendetsa `php artisan config:clear`.

Malo achiwiri ndi database yeniyeniyo. Ngati muli ndi ubale wa polymorphic, mwachitsanzo tebulo la ndemanga zomwe zingalembedwe pa membala kapena pa ngongole, Laravel imasunga dzina lonse la class mu column yothera ndi `_type`. Mizere yakale ikhalabe ikunena `App\Ngongole` pamene class yasamukira ku `App\Models\Ngongole`. Ndemanga zakale zimangosowa pa ngongole zake, ndipo mukayesa kuchoka pa ndemanga kupita kwa mwini wake mulandira `Class "App\Ngongole" not found`, dzina lomwe mukalisaka m'khodi simulipeza paliponse. Tebulo la `notifications` la Laravel ndi la `personal_access_tokens` la Sanctum amasunganso mayina mwanjira yomweyi.

Mankhwala ake ndi kupewa. Pulojekiti ikadali yaing'ono, ikani izi mu method ya `boot()` ya `AppServiceProvider`:

```php
use App\Models\Membala;
use App\Models\Ngongole;
use App\Models\User;
use Illuminate\Database\Eloquent\Relations\Relation;

Relation::enforceMorphMap([
    'membala' => Membala::class,
    'ngongole' => Ngongole::class,
    'user' => User::class,
]);
```

Kuyambira pamenepo database isunga `ngongole` m'malo mwa dzina la class, ndipo mutha kusamutsa model mmene mungafunire. Ngati muli kale ndi mizere yakale, lembani migration yosintha mayina akalewo kukhala atsopanowa, apo ayi mizereyo ikhala yamasiye.

Malo achitatu ndi queue, mzere wa ntchito (ma job) zomwe zikudikira kuti worker azigwire pambuyo pake. Job yomwe ikudikira pamzere inasungidwa pamodzi ndi dzina lonse la class yake. Mukasamutsa class ntchitoyo isanagwiridwe, worker ikaitenga siidziwa kuti ndi chiyani. Dikirani mzere uthe musanatumize kusinthaku ku seva, ndipo mukatumiza yendetsani `php artisan queue:restart` kuti ma worker asiye kugwiritsa ntchito khodi yakale yomwe ali nayo m'mutu.

Gawo 9: Foda zanuzanu, ndi nthawi yoyenera `dump-autoload`

Foda iliyonse yatsopano mkati mwa `app/` imagwira ntchito nthawi yomweyo. Pangani `app/Services/Chiwongoladzanja.php`, lembani `namespace App\Services;`, mwatha. Palibe cholembetsa kwina kulikonse, chifukwa mapu a `App\` akukwirira kale zonse za mu `app/`.

Mukafuna foda kunja kwa `app/`, pamenepo ndiye muuze Composer:

```json
"psr-4": {
    "App\\": "app/",
    "Banki\\": "src/",
    "Database\\Factories\\": "database/factories/",
    "Database\\Seeders\\": "database/seeders/"
},
"files": [
    "app/helpers.php"
]
```

Timizere tiwiri ta `\\` n'chifukwa cha malamulo a JSON, ndipo ta kumapeto tisasowe. Gawo la `files` ndi la ma function wamba, monga yolemba ndalama ndi `MK` kutsogolo. Ma function sangapezeke kudzera mu PSR-4, choncho fayilo yawo imatsegulidwa pa ulendo uliwonse womwe pulogalamu yaitanidwa.

Mukasintha `composer.json`, yendetsani `composer dump-autoload`. Kuti mutsimikize, tsegulani `vendor/composer/autoload_psr4.php` muone ngati `Banki\\` walowa. Nthawi ina yomwe lamuloli limathandiza ndi pamene uthenga ukunena `Failed to open stream: No such file or directory` n'kutchula fayilo yomwe munafufuta kapena kusamutsa. Pulojekiti ya Laravel imabwera ndi `optimize-autoloader` yoyatsidwa, choncho Composer imasunga mndandanda wa ma class ndi mafayilo awo mu `autoload_classmap.php`, ndipo mndandandawo umatha kutsalira m'mbuyo. Kupatula nthawi ziwirizi, `dump-autoload` singakonze `use` yomwe simunalembe.

Mukakayikira ngati class ikupezeka, funsani mwachindunji:

```
php artisan tinker
> class_exists(\App\Services\Chiwongoladzanja::class)
```

Ikayankha `true`, vuto lili m'fayilo yomwe ikuitana: `use` palibe kapena yalembedwa molakwika. Ikayankha `false`, bwererani ku zinthu zitatu za mu Gawo 2.

Gawo 10: Musanatumize ku seva

"Koma pa laputopu yanga zikugwira bwinobwino." Mawu amenewa akamveka pa nkhani ya ma class, kawirikawiri nkhani imakhala ya zilembo zazikulu ndi zazing'ono. Windows, komanso macOS mmene imabwerera, imaona `membala.php` ndi `Membala.php` ngati fayilo imodzi. Linux, yomwe ma seva ambiri amayendera, imaziona ngati mafayilo awiri osiyana. Foda yotchedwa `admin` yokhala ndi namespace ya `Admin` idzagwira pa Laragon kapena XAMPP ya Windows kwa miyezi, n'kudzagwa tsiku loyamba pa seva.

Pali mtundu wina wa vutoli womwe umazunguza kwambiri. Tinene kuti fayilo ili bwino, `Membala.php`, koma mu controller imodzi munalemba `use App\Models\membala;`. PHP payokha sisiyanitsa zilembo m'mayina a ma class. Ndiye ngati khodi ina yatsegula kale `Membala` ndi dzina lolondola pa ulendo womwewo, cholakwikacho sichioneka. Ngati palibe yamutsegula, Composer ikafuna `membala.php`, Linux iyankha kuti kulibe. Zotsatira zake, tsamba lina likugwira, lina likugwa, pa seva imodzi ndi khodi imodzi.

Kusintha chilembo cha dzina la fayilo pa Windows nakonso kuli ndi msampha: Git nthawi zambiri siona kuti mwasintha kanthu, ndipo seva ilandirabe dzina lakale. Gwiritsani ntchito Git yomweyo posintha:

```
git mv app/Models/membala.php app/Models/Membala.php
```

Kenako, mukadali pa kompyuta yanu, yendetsani:

```
composer dump-autoload --optimize --strict-psr
```

Werengani zomwe yalemba. Kuyambira Composer 2, yomwe inatuluka mu October 2020, class yomwe foda, namespace kapena dzina lake sizikugwirizana imasiyidwa kunja kwa mndandanda, ndipo pamatuluka chenjezo lokhala ndi mawu oti `does not comply with psr-4 autoloading standard`. Chenjezoli limatuluka ngakhale pa Windows, kungoti limadutsa pakati pa mizere yambiri ndipo anthu saliwerenga. `--strict-psr` imachititsa kuti lamulolo lilephere poyera, zomwe zimathandiza ngati muli ndi njira yoyesera khodi yokha musanatumize.

Composer imaona mafayilo okha, siona mizere ya `use` yolakwika kapena yosowa. Ntchito imeneyo ipatseni Larastan, yomwe ndi PHPStan yokonzedwera Laravel. Ngakhale pa level yotsikitsitsa imagwira class yosadziwika, kuphatikizapo `catch (Exception $e)` ya mu Gawo 5 ija. Laravel Pint, yomwe imabwera kale m'mapulojekiti atsopano, imachotsa mizere ya `use` yosagwiritsidwa ntchito n'kusanja yotsalayo motsatira afabeti mukayendetsa `./vendor/bin/pint`.

Pa seva penipeni, mukakoka khodi yatsopano yendetsani `composer install --no-dev --optimize-autoloader`, kenako `php artisan optimize:clear` kuti ma route ndi config osungidwa kale, omwe angakhale akutchulabe mayina akale, achotsedwe musanawasungenso ndi `php artisan optimize`. Dziwani kuti `--no-dev` imasiya phukusi lililonse la mu `require-dev`, monga Faker, lomwe limapanga deta yongoyerekeza. Ngati seeder yanu imadalira ma factory ogwiritsa ntchito Faker ndipo mukufuna kuiyendetsa pa seva, idzagwa ngakhale namespace ndi `use` zonse zili bwino. Samutsani phukusilo lipite mu `require`, kapena lembani seeder ya pa seva yosadalira Faker.